Mbuzi, Makona ndi Hutala: Ulendo wa pa Galimoto M'midzi ya ku Greece

Mwezi wa Ogasiti ukafika pakati, mzinda wa Athens umangoti zii. Masitolo ambiri amatseka, malo oimika galimoto omwe anthu amalimbirana chaka chonse amangokhala mbee, ndipo m'misewu yotuluka mumzindawu galimoto zimachita kundondozana zitasenza zikwama, ana ndi agogo awo. Pa 15 Ogasiti mpingo wa Orthodox umakumbukira kumwalira kwa Maria, amayi ake a Yesu, ndipo Mgiriki safuna kuti tsikuli limupeze m'tauni. Ambiri mwa anthu pafupifupi 3.8 miliyoni okhala mu Athens ndi madera ozungulira ali ndi mudzi womwe makolo kapena agogo awo anachokera, kaya kuphiri kaya pachilumba, ndipo pa Pasaka ndi m'mwezi wa Ogasiti ndi kumene amalowera.

Mlendo amene wabwereka galimoto n'kuwatsatira sachedwa kuona kuti dzikoli lili ndi misewu ya mitundu iwiri. Pali misewu ikuluikulu yatsopano, yosalala, yoboola mapiri, momwe malamulo olembedwa m'buku amagwira ntchito. Palinso misewu yakumidzi, yopapatiza ndi yokhotakhota, momwe madalaivala amayendera chimvano chawochawo chomwe sichinalembedwe paliponse.

Gwero la zonsezi ndi mmene dzikoli linakhalira. Pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a Greece ndi mapiri ndi zitunda. Midzi yambiri yakale inamangidwa pamalo okwera, ina pothawa achifwamba a panyanja, ina pofuna kutalikirana ndi akuluakulu a ufumu wa Ottoman omwe analamulira dzikoli kwa zaka mazanamazana. Njira zolumikiza midziyi zinali za abulu ndi nyulu, zoyalidwa miyala. Galimoto itabwera, phula linangotsata mapiri omwewo n'kulowa m'midzi yomweyo, pakati pa nyumba zomwe sizikanatheka kusunthidwa.

Ulendo wabwino woonera mitundu yonse iwiri ya misewu ndi wochoka ku Athens kulowera ku Peloponnese, chigawo chachikulu chakummwera. Kwa munthu wa ku Malawi kapena ku Zambia, mayeso amayamba galimoto isanalire n'komwe. Ku Greece amayenda kumanja, chiwongolero chili kumanzere, ndipo galimoto zambiri zobwereka n'za giya yapamanja. Makilomita oyambirira dzanja lofuna giya limakagunda chitseko, maso nawo n'kumafunafuna galasi mbali yolakwika. Mwayi wake ngwakuti msewu waukulu wa A8 umapereka mpata wozolowera. M'malo ambiri liwiro lololedwa limafika makilomita 130 pa ola, zikwangwani zake n'zobiriwira, mayina a malo amalembedwa m'zilembo za Chigiriki komanso m'zilembo zomwe tinazolowera, ndipo chovutitsa n'zipata zolipirira zokha, zomwe zimabwera pafupipafupi.

Atayenda makilomita pafupifupi 80, dalaivala amadutsa pamwamba pa ngalande ya Corinth, ndipo wosatchera maso saiona n'komwe. Ofuna kuiona bwino amapatukira mumsewu wakale n'kukaima pamlatho. Ngalandeyi, yomwe inatsegulidwa mu 1893, ndi yotalika makilomita oposa 6 koma m'lifupi siikwana mamita 25, moti sitima zikuluzikulu za masiku ano sizingadutsemo. Amene amaipindulira kwambiri lero ndi ogulitsa nyama yowotcha ndi khofi kwa alendo oima pamlathowo.

Kupitirira pang'ono, wofuna kumidzi amasiya msewu waukulu n'kulowera ku Argolis. Zikwangwani zimasanduka za buluu, liwiro lololedwa limatsika kufika pa 90, ndipo mbali zonse kumayamba minda ya malalanje. M'nyengo yozizira alimi amaunjika matumba a malalanje m'mphepete mwa msewu, pambali pa mabotolo a uchi ndi a mafuta a maolivi. Chigawochi chadzaza mbiri. Pali mabwinja a Mycenae ndi chipata chake cha mikango iwiri yosemedwa pamwala. Pali bwalo la zisudzo la Epidaurus, lomangidwa zaka zoposa 2,300 zapitazo, lokwana anthu pafupifupi 14,000, ndipo mpaka lero amachitiramo masewero. Palinso Nafplio, tauni ya m'mbali mwa nyanja yomwe inali likulu la dziko Athens asanatenge udindowu mu 1834. Mtsogoleri woyamba wa Greece yodziimira payokha, Ioannis Kapodistrias, anaphedwera pakhomo la tchalitchi cha m'tauniyi mu 1831.

M'misewu yotere ndi momwe mlendo amakumana ndi chizolowezi chodabwitsa kuposa zonse. Misewu yambiri yakale yolumikiza matauni ili ndi mbali ziwiri zokha, yopita ndi yobwera, koma kunja kwa mzere woyera kuli kampata kena kaphula koimikapo galimoto ikawonongeka. Agiriki kampataka anakasandutsa njira. Lole kapena galimoto yoyenda pang'onopang'ono imasendera kumanja n'kumayenda matayala awiri ali kunja kwa mzere, kuti wothamanga adutse chapakati. Wochokera kutsogolo naye amasendera kwake. Mwakutero msewu wa galimoto ziwiri umakwana zitatu, nthawi zina zinayi, ngakhale pakati patakhala mizere iwiri yoletsa kupitirirana. Mlendo wokakamira pakati pa mbali yake, monga anaphunzirira kusukulu yoyendetsa galimoto, amangoona pagalasi galimoto yamumamatira kumbuyo, nyale zikuphethira.

Chizolowezichi chinabadwa chifukwa cha kusowa. Kwa zaka zambiri malole, mabasi, mathirakitala ndi galimoto zazing'ono zinkapanikizana mumsewu umodzi wopanda malo opitirirana, ndipo anthu anadzipezera okha njira. Kuopsa kwake nakonso n'koonekeratu. M'kampata kaja mungakhale galimoto yoima, munthu wapansi, mwala wogumuka kuphiri, kapena kampatako n'kungothera pamlatho mwadzidzidzi. Madalaivala odziwa amasendera pokhapokha pamene akuona kutali, ndipo pakona sayerekeza.

Nyale ndi hutala nazo zili ndi chinenero chake. Wakumbuyo akaphethiritsa nyale, akuti mumupatse njira. Wochokera kutsogolo akatero, kawirikawiri akuchenjeza kuti kutsogoloko kuli apolisi, ziweto kapena ngozi. Pamphambano mpamene pamasokoneza, chifukwa kuphethira kwa nyale nthawi zambiri kumatanthauza kuti mwini wakeyo akudutsa, osati akupereka mpata. Hutala salizira mkwiyo wokha. Amaliza polonjera mnzawo wokhala pakhonde, podzutsa wakutsogolo loboti ikangosintha, komanso pofika pakona ya m'phiri pomwe sakuona zomwe zikubwera. Nyale za mahazadi ndiye zili ngati chilolezo choima paliponse: munthu amaziyatsa pakati pa msewu, n'kutsika kukagula buledi kapena fodya, am'mbuyo n'kumamuzungulira osadandaula kwenikweni.

Dzanja ndi lofunika kusamala nalo kwambiri. Kwathu kuno dalaivala akapatsidwa njira amakweza chikhatho pothokoza. Ku Greece, kulozetsa chikhatho kwa munthu zala zonse zisanu zitatambasuka ndi chipongwe chachikulu chotchedwa moutza, chomwe chimaonekaoneka pamsewu anthu akayambana. Wothokoza ndi bwino angogwedeza mutu kapena akweze dzanja zala zili pamodzi.

Pamphambano yopanda chikwangwani, wochokera kumanja ndiye amayamba kudutsa. Kwa zaka zambiri lamulo lomweli linkagwiranso pa raundabauti yopanda chikwangwani, ndipo popeza kumeneko amazungulira mosemphana ndi kwathu, wochokera kumanja amakhala amene akulowa, osati amene ali kale mkati. Lero maraundabauti ambiri ali ndi zikwangwani zoimitsa wolowa, koma madalaivala achikulire akumidzi sanaiwale zakale. Ndi chifukwa chake pamalo otere eni dziko amayang'ana nkhope ya dalaivala mnzawo kuposa chikwangwani.

Kuchoka ku Nafplio, msewu umakwera kupita ku Tripoli, kenako n'kulowa m'mapiri a Arcadia, komwe kuli midzi ya nyumba zamiyala monga Dimitsana ndi Stemnitsa. Pano msewu waukulu wa chigawo chonse umadutsa pakati penipeni pa mudzi, ndipo pena umapapatiza moti magalasi a m'mbali amafunika kupinda. Basi ya KTEL, bungwe la eni mabasi lomwe limalumikiza matauni ndi midzi ya m'dzikoli, ikatulukira pakona, palibe zokambirana: wagalimoto yaing'ono amabwerera cham'mbuyo mpaka atapeza pokhota. Madalaivala a mabasiwa amadziwa khonde lililonse ndi mwala uliwonse wa m'njira yawo, ndipo amadutsa pakati pa makoma atasiya mpata wongokwana chikhatho. Pakati pa mudzi pamakhala bwalo, mtengo waukulu wamthunzi, tchalitchi ndi malo omwera khofi, pomwe madoda amakhala akusewera makhadi n'kumaonerera galimoto iliyonse yodutsa. Mlendo akasokonezeka pobwerera m'mbuyo, sipalephera kudzuka mmodzi womukupizira dzanja ndi kumukuwira malangizo m'Chigiriki.

Kumudzi munthu amaimika galimoto pomwe yakwana. M'tauni nkhani ndi ina: apolisi ali ndi mphamvu yomasula nambala za galimoto yoimikidwa molakwika n'kupita nazo, ndipo mwini wake amayenera kukaziombola.

Nthawi nayo imayenda mwa mtundu wake. M'chilimwe, kuyambira 3 koloko masana mpaka hafu pasiti 5, ndi nthawi yopuma yomwe lamulo limaletsa phokoso. Masitolo a m'midzi amatseka, mazenera amatsekedwa, ndipo woliza hutala pa nthawiyi amadziputira mkwiyo wa mudzi wonse. Malo omwetsera mafuta akumidzi ambiri amatseka madzulo, ena satsegula Lamulungu, choncho wolowa m'mapiri amayamba wadzaza thanki. Pamalowa dalaivala satsika kukadzithirira yekha monga amachitira m'maiko ambiri a ku Ulaya. Pamakhala wothira mafuta.

Kummwera kwa Arcadia kuli Sparta, tauni yabata yomwe dzina lake ndi lalikulu kuposa maonekedwe ake, ndipo pafupi pake, pamtsetse wa phiri, pali mabwinja a Mystras, mzinda wa nthawi ya ufumu wa Byzantium. Kumbuyo kwa zonsezi kwaima phiri la Taygetos, lotalika mamita oposa 2,400. Wofuna kukafika ku Kalamata, kuseri kwa phirili, ali ndi njira ziwiri. Atha kuzungulira pamsewu watsopano wolipira, kapena kudutsa pa Langada, msewu wakale wa makilomita pafupifupi 60 womwe umakwera mamita oposa 1,200. Amene anatsikapo pa Chiweta angauyerekeze, kungoti uwu makona ake satha msanga. Pena msewu unachita kugobedwa m'thanthwe moti mwala umalendewera pamwamba pa denga la galimoto, mbali inayo kuli phompho. Giya yachiwiri ndi yachitatu ndi zomwe zimagwira ntchito, ndipo wotsika atapondereza mabuleki njira yonse amafika pansi akununkha. M'nyengo yozizira pamwamba pake pamagwa chipale chofewa.

M'misewu ngati umenewu ndi momwe mlendo amayamba kuona timatchalitchi ting'onoting'ono toimikidwa m'mbali mwa phula, tomwe eni dziko amatitcha kandylakia. Tina n'tachitsulo, tadzimbiri, toima pamiyendo inayi. Tina n'tasimenti kapena tamwala wonyezimira, tokhala ndi denga lozungulira ndi mtanda pamwamba. Mkati, kuseri kwa kagalasi, mumakhala chithunzi cha woyera mtima, kanyale ka mafuta, botolo la mafuta owonjezera ndi machesi, nthawi zina ndi chithunzi cha mnyamata kapena mtsikana.

Sikuti kalikonse kakuimira maliro. Tambiri timaikidwa ndi banja pamalo pomwe mbale wawo anafera pangozi, koma tina timaikidwa ndi munthu amene anapulumuka, pothokoza woyera mtima yemwe akukhulupirira kuti anamuteteza, ndipo tina timangosonyeza kuti chapafupi pali tchalitchi. Achibale amabwera kudzayatsa nyale ndi kusintha maluwa ngakhale patapita zaka zambiri. Kwa woyendetsa galimoto, timatchalitchiti timagwiranso ntchito ina yomwe sitinaikidwire: kona yomwe pali titatu kapena tinayi ndi yofunika kuchepetsa liwiro, kaya pali chikwangwani kaya palibe.

Kutsikira ku Messinia, dziko lonse limasanduka munda wa maolivi. Kuyambira Novembala mpaka Januwale ndi nthawi yokolola, ndipo msewu umakhala wa alimi. Maukonde oyalidwa pansi pa mitengo amafika m'mphepete mwa phula. Mapikiapu akale a Toyota, Nissan ndi Mitsubishi, odzaza matumba mpaka kumbuyo kukhudza pansi, amakwawa kupita kumakina oyengera mafuta, chifukwa maolivi akachedwa kufinyidwa mafuta ake amatsika mtengo. Thirakitala imatulukira m'munda osapereka chizindikiro, n'kusiya matope pamsewu. Mvula yoyamba ikagwa pambuyo pa miyezi ya chilimwe, fumbi ndi mafuta omwe anaunjikana paphula amasandutsa msewu kukhala woterera kwambiri.

Ndiye pali ziweto. Greece ili ndi mbuzi zambiri kuposa dziko lina lililonse la mu European Union, ndipo nkhosa ndi zochulukirapo kuposa mbuzizo. Tchizi chotchuka cha feta chimapangidwa ndi mkaka wa nkhosa, wosakaniza ndi wa mbuzi wosapitirira magawo 30 pa 100. Ziwetozi zimadya m'mapiri momwemo momwe mukudutsa misewu. Mbuzi zimagona paphula chifukwa limasunga kutentha, ndipo gulu la nkhosa likamadutsa, mabelu ali ngwerengwere, galimoto zonse zimaima mpaka yomaliza itawoloka. Agalu olondera ziweto ndi akuluakulu ndipo sachita nthabwala, moti kutsika m'galimoto kuti ujambule chithunzi si nzeru.

Kummwera kwa Kalamata kuli Mani, dera louma lamiyala lomwe anthu ake ankamanga nyumba zansanja podziteteza pa nkhondo za pakati pa mabanja. Mudzi wa Vathia udakali ndi nsanja zambiri zotere. Ku Areopoli ndi komwe anthu a kuderali anadzukira kukamenyana ndi ulamuliro wa Ottoman mu Malichi 1821. Mlembi wa ku Britain, Patrick Leigh Fermor, yemwe buku lake lonena za Mani linatuluka mu 1958, anayenda kuderali wapansi, pa nyulu ndi pa maboti, chifukwa midzi yambiri inalibe msewu wa galimoto. Lero phula linafika mpaka kufupi ndi Cape Tainaron, nsonga yakummwera kwenikweni, koma ndi lopapatiza, ndipo zikwangwani zina zinabooledwa ndi zipolopolo. Ku Mani ndi pachilumba cha Crete mfuti ndi gawo la mwambo wakale, ndipo ena amayesera luso lawo pazikwangwani za boma.

Zonsezi zimasangalatsa kusimba, koma mtengo wake wakhala wowawa. M'chaka cha 2000 anthu oposa 2,000 anafa pangozi za pamsewu m'dziko la anthu pafupifupi 11 miliyoni. Mu Epulo 2003, m'chigwa cha Tempi, matabwa omwe ananyamulidwa ndi lole anang'amba basi ya ana asukulu ochokera ku Makrochori omwe ankabwerera kwawo kuchokera ku Athens, ndipo ana 21 anafa. Chaka chotsatira, wophunzira wa zaka 22 wa pa yunivesite ya Patras, Panos Mylonas, anafa pamsewu wakale wa Corinth kupita ku Patras, womwe unkadziwika ngati umodzi mwa misewu yoopsa kwambiri m'dzikoli. Amayi ake, Vassiliki Danelli-Mylona, anakhazikitsa mu 2005 bungwe loona za chitetezo cha pamsewu lotchedwa ndi dzina la mwana wawoyo, ndipo mpaka lero limaphunzitsa ana m'sukulu ndi kukankha boma kuti lichitepo kanthu.

Zaka zotsatira zinasintha mapu a dzikoli. Mlatho wa Rio–Antirrio, wotalika pafupifupi makilomita atatu, unatsegulidwa mu 2004. Msewu wa Egnatia, wa makilomita 670 kuchokera kudoko la Igoumenitsa mpaka kumalire a Turkey, unatha mu 2009. Mu 2017 anatsegula msewu watsopano wa Corinth kupita ku Patras komanso njira zoboola mapiri zolambalala chigwa cha Tempi. Imfa za pamsewu zinatsika kuchoka pa 1,258 mu 2010 kufika pansi pa 600 mu 2020, kutsika koposa theka komwe kunapezetsa Greece mphotho ya bungwe la European Transport Safety Council mu 2021. Misewu yatsopano inathandiza, koma mavuto a zachuma omwe anachititsa anthu kuyenda mochepa, ndi mliri wa Covid-19 m'chaka chomalizacho, zinathandizanso. Kuyambira 2021 mpaka 2024 chiwerengerochi chinkazungulira pakati pa 600 ndi 700 pachaka.

Ambiri mwa omwe akufa lero akufera m'matauni ndi m'misewu yakumidzi, osati m'misewu ikuluikulu yolipira. Pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse amakhala wokwera njinga yamoto, ndipo aliyense woyenda m'dzikoli m'chilimwe amaona chifukwa chake: mnyamata akuthamanga tsitsi lili pamtunda, helimeti ataikoloweka pachigongono. Mu 2025 nyumba ya malamulo inavomereza malamulo atsopano a pamsewu okhwimitsa zilango kwa oyendetsa akulankhula pafoni, osavala lamba kapena helimeti, komanso oledzera, ndipo chindapusa chimakwera munthu akabwereza mlandu womwewo. Malamulowa anatsitsanso liwiro m'misewu yambiri ya m'malo okhala anthu kufika pa makilomita 30 pa ola.

Malo omwe zakale zidakali zamphamvu ndi Crete, chilumba chachikulu kuposa zonse za dzikoli. Msewu wodutsa m'mbali mwa nyanja kumpoto kwake, wolumikiza Chania, Rethymno, Heraklion ndi Agios Nikolaos, m'malo ambiri udakali wa mbali ziwiri zokha, ndipo m'chilimwe mumapanikizana mabasi a alendo, malole a ndiwo zamasamba ndi galimoto zobwereka zikwizikwi zoyendetsedwa ndi anthu osaudziwa. Mu 2025 boma linasainirana mgwirizano ndi kampani yomanga msewu waukulu wamakono pakati pa Chania ndi Heraklion, ntchito yomwe itenge zaka zingapo. Pakadali pano, lamulo likunena kuti kampata ka kunja kwa mzere woyera ndi ka galimoto zowonongeka ndi maambulansi, pomwe obwereketsa galimoto ambiri pachilumbachi, popereka makiyi kwa mlendo, amamulangiza kuti akaona wina wamumamatira kumbuyo asendere momwemo.